Mbuzi Yopanda Ligi

Ku ufumu wa Tembenuzani, kumene kummawa kumakhala mbali imene boma laloza, kuli tauni yotchedwa Mpandaumodzi. Tauniyi ndi yathyathyathya ngati mphasa, moti nkhuku ikakwera pa ndowa imaona malire onse. Mulibe chodabwitsa m'menemo kupatula makoleji awiri ogundana misana: Koleji ya Aphunzitsi, imene anthu amangoti a Choko, ndi Koleji ya Zaulimi, a Khasu. Mpanda wawo ndi umodzi, bwalo la mpira ndi limodzi, ndipo udani wawo ndi uja wa pachisuweni, wotukwanana m'mawa n'kubwerekana mchere madzulo.

Chaka chilichonse mvula ikangosiya, makoleji awiriwa ankakumana pa mpira. Chikho panalibe. Amene anayambitsa mwambowu anaona kuti chikho n'chosasangalatsa, chimangokhala m'kabati n'kumachita dzimbiri, ndiye anaikapo mbuzi. Koma mbuziyo sinkapita kwa opambana ayi. Ogonja ndi amene ankalandira chingwe n'kuzungulira nayo bwalo lonse wapansi, anthu akuwaimba nyimbo zachipongwe, kenako n'kukaisunga mpaka tsiku limene adzagonjetse anzawowo. Kuipha kunali koletsedwa. Kuigulitsa kunali koletsedwa. Kuitaya kunali kosatheka, chifukwa inkadziwa njira.

Mbuzi ya nthawi imene tikunenayi inali tonde wandevu, dzina lake Sakhuta, ndipo anali atakhalitsa kwa a Choko mpaka ana a sukulu ena ankaganiza kuti ndi mmodzi wa ogwira ntchito. Womusunga anali Mayi Felesiya Nangondo, metironi wa ku hositelo ya atsikana. Akuluakulu a koleji anawapatsa ntchitoyi ati chifukwa anazolowera kale kulera zosamva.

Zimene tondeyu anawachita Mayi Nangondo n'zosati munthu n'kufotokoza asanamwe madzi. Anadya maluwa awo, anadya makatani, anadya chitenje cha chigwirizano cha amayi a kutchalitchi chili pachingwe. Fungo lake linalowa m'zovala zawo zonse, moti akakwera minibasi anthu ankatsegula mawindo mwaulemu, osalankhula. Koma chowawa kuposa zonse chinali cha m'mawa uliwonse, pamene a Zakeyo Kanyumbu, dalaivala wa thirakitala komanso woimba ng'oma wa a Khasu, ankatsamira mpanda n'kupereka moni.

"Mwadzuka bwanji asuweni? Nanga abambo a kunyumba agona bwanji? Ndamva akutsokomola."

"A Kanyumbu, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe," ankayankha Mayi Nangondo. "Mangiranitu khola."

"Khola tinamanga kale, linagwa ndi chiswe podikira."

Mayi Nangondo ndi amenenso ankatsogolera nyimbo za ochemerera a Choko, ndipo mumtima anali ndi nyimbo imodzi imene anaipeka kalekale, yodzaimba tsiku lopereka chingwe kwa a Kanyumbu. Ankaiyeserera posamba. Palibe anaimvapo kupatula Sakhuta. Ndipo chaka chimenechi chiyembekezo chinalipo, chifukwa kwa a Choko kunabwera mnyamata wina, Hezekiya, amene masamu ankamuvuta koopsa koma mpira akaumenya goloboyi ankayamba wapemphera. Tauni yonse inkadziwa kuti ulendo uno tonde awoloka mpanda.

Ndiye mwatsoka, Mfumu inagula kanema.

Mfumu Zungulizani Wachiwiri inagula kanema wamkulu ngati chitseko cha tchalitchi, ndipo tsiku lina inaonerapo ana a makoleji a kunja akukwera ndege kupita kukasewera mpira. Mtima unaiwawa. Inaitanitsa nduna zonse, zina zikutafuna.

"Ana a anzathu akuuluka," inatero Mfumu, "pamene athu akupita ku mpira wapansi, ena atanyamula nsapato m'manja. Kodi chitukuko chimenechi? Dziko lotukuka silisewera ndi oyandikana nawo. Woyandikana naye ndi wopalako moto. Mdani weniweni azikhala kutali, woti pokamupeza uthe mafuta."

Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhatho kufiira. Nduna ya Zamasewera, Olemekezeka Mlozakutali, anayala mapu a ufumu wonse pansi, ndipo Mfumu inayamba kugawa makoleji ndi ndodo yake yachifumu, maso ali pa kanema. Pamene ndodo yakanda, pamenepo ndiye malire. Panabadwa Ligi ya Kumapiri. Panabadwa Ligi ya Kugombe la Nyanja Yamchere, ngakhale kuti mchere wokha umene uli ku Tembenuzani ndi wa m'mapaketi. Pamwamba pa zonse panabadwa Ligi ya Akuluakulu Khumi, imene inali ndi makoleji khumi ndi asanu ndi atatu.

Nduna ya Zamaphunziro inakweza chala pang'onopang'ono. "Pepani Mfumu, koma khumi likuoneka ngati lapitirira."

"Khumi lathu ndi lotukuka," inayankha Mfumu. "Likukula."

Ndunayo anaitumiza sabata yomweyo kukakhala kazembe ku dziko lina limene anthu a mapu akulifufuzabe. Kuyambira pamenepo palibe anakwezanso chala, ngakhale pofuna kukanda m'mutu.

Pa Mpandaumodzi ndodo ija inadutsa ndendende pampanda. Galimoto ya boma inafika pamsika ndi chimkuzamawu, n'kulengeza kuti a Khasu alowa m'gulu la Akuluakulu Khumi, a Choko apita ku Ligi ya Kumapiri, ndipo koleji iliyonse yosewera ndi ya ligi ina idzatsekedwa, makiyi n'kuponyedwa m'chitsime.

Anthu anamvetsera mwachidwi, monga amachitira anthu ozolowera.

"Ndiye kuti tili kumapiri ife?" anafunsa mayi wogulitsa tomato. "N'chifukwa chake ndimafika kumsika kuno ndili wefuwefu."

"Kuyambira lero kabaza wakwera," anatero wa njinga. "N'chitunda ichi."

"Ine ndikudandaulira a Khasu," anatero wometa. "Kukhala wa nambala khumi ndi zisanu ndi zitatu pa anthu khumi si ntchito yamasewera."

Mayi Nangondo sanaseke nawo. Dengu la ndiwo linawagwa m'manja. Anakankha anthu mpaka kufika pawindo la galimoto ija.

"Achimwene, nanga mbuzi?"

"Mbuzi yanji, mayi?"

"Ya ogonja. Ili kwathu. Tiibweza bwanji ngati sitisewera nawo?"

Wolengezayo anaganiza kaye, n'kuyankha mu chimkuzamawu momwemo, msika wonse ukumva: "Mbuzi ilibe ligi, mayi. Ikhale pamene ili."

Kumbuyo kwawo kunamveka phwete. Anali a Kanyumbu, atagwira m'mimba, misozi ili mbwembwembwe. Mayi Nangondo anatola dengu lawo n'kubwerera kunyumba osayang'ana kumbali. Anapeza Sakhuta akumaliza nsalu ya patebulo, ndipo kwa nthawi yoyamba sanamukalipire. Anangokhala pakhonde n'kulira.

Chitukuko chinayamba. Ndege kunalibe, ndiye boma linatumiza malole onyamulira feteleza. Lolemba lililonse malole awiri ankatuluka pa mageti oyandikana, ina kulowera uku, inzake uko, ana a sukulu akuyang'anizana ngati ng'ombe zopita kumisika yosiyana. Ankabwerako sabata ikutha, ali mbuu ndi fumbi, makolo awo osawazindikira. Aphunzitsi anayamba kuphunzitsira pa lole pomwepo, ndipo mayeso a malembedwe abwino ankalembedwa pamsewu wa mabampu.

Kenako kunabwera oyendera a Ligi ya Kumapiri, n'kupeza kuti a Choko alibe phiri. Anawapatsa mwezi umodzi kuti alipeze. Ophunzira a Choko, manja ozolowera choko, anagwira mawilibala n'kuunjika dothi pakati pa msewu ndi bwalo la mpira, makasu atabwereka kwa asuweni awo, amene anakhala pampanda n'kumawalangiza kagwiridwe. Chimulucho chitakula, nduna inabwera kudzadula riboni n'kuchitcha Phiri la Zungulizani. Woyamba kufika pansonga anali Sakhuta, ndipo riboni ija anaidya.

Hezekiya ankagoletsa ndithu. Ankagoletsa kutali, pamaso pa mabenchi opanda anthu, m'matauni amene ngakhale agalu sankadziwa kuti Choko n'chiyani. Mayi Nangondo anapita nawo ulendo umodzi kuti akaimbitse nyimbo. Atafika anaima, anatsegula pakamwa, koma mawu osatuluka. Munthu wosamudziwa umamunyoza bwanji? Sankadziwa kuti goloboyi wa kumeneko anakanidwa ndi mtsikana uti, kapena kuti kochi wawo anagwapo panjinga pamaso pa apongozi. Anangopezeka akupereka moni kwa adaniwo, adaniwo n'kuwafunsa za ulendo, mapeto ake n'kuwapatsa phava la nthochi. Mayi Nangondo sanachitepo manyazi otere chibadwire.

M'mawa wina anapeza a Kanyumbu atatsamira mpanda monga kale, koma ali duu.

"Bwanji lero osafunsa za abambo a kunyumba?"

"Asuweni, sizikukoma," anatero a Kanyumbu. "Kuseka munthu amene sangakubwezere kuli ngati kumenya mwana womangidwa manja. Dzana tinachinyidwa zigoli zisanu ndi anthu a Akuluakulu enieni. Mukudziwa chimene anatichita? Anatigwira chanza. Anati tayesetsa."

"Ayi!"

"Ndithu. Ine ndinadikira kuti wina anditukwane, koma olo mmodzi. Ng'oma yanga panopa akazi anga akuikapo mbale."

Mayi Nangondo anawamvera chisoni, ndipo chisonicho chinawakwiyitsa kwambiri. Munthu amene wakhala ukumusungira nyimbo zaka zonsezi si womumvera chisoni. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anamanga chitenje chimene anatsala nacho, anagwira chingwe cha Sakhuta, n'kukwera lole ya ku likulu. Pempho lawo linali limodzi: masewero amodzi okha ndi a Khasu, basi.

Linali tsiku limene Mfumu imamva madandaulo a anthu. Tsono ku nyumba yachifumu ya Tembenuzani kuli mwambo wakuti Mfumu ikakumalizira mawu, mawu akowo ndi omwewo. Anthu ambiri alowamo kukadandaula za njala n'kutuluka atathokoza chifukwa cha kuonda kwabwino.

Mfumu inali yosakondwa tsiku limenelo. Kanema wake ankangoonetsa mabwalo opanda anthu, ndipo Olemekezeka Mlozakutali anali atafotokoza kale kuti anthu alipo, kungoti amakhala kumbuyo kwa kamera. Mayi Nangondo anagwada, tonde ali pambali.

"Mfumu ya mafumu, ine ndachokera ku Mpandaumodzi. Mbuzi mukuionayi ndi imene makoleji athu awiri akhala akulimbirana chaka ndi chaka, bwalo kudzaza, ena kukwera m'mitengo, chifukwa aliyense amafuna kuona amene..."

"Amene aitenge!" inamaliza Mfumu, ikudzuka pampando. "Bwalo kudzaza? Anthu m'mitengo? Mlozakutali, wamva? Chikho chamoyo! Akunja aja ali nacho chikho choyenda chokha?"

"Alibe, Mfumu," anayankha a nduna.

A Mlozakutali anaphunzira kwa a Choko. Pa unyamata wawo anali kaputeni, ndipo anazungulirapo bwalo lija ndi chingwe m'manja, agogo ake a Sakhuta akuwakoka. Mwambowu ankaudziwa kuposa dzina la mwana wawo. Koma ankakumbukiranso mnzawo uja wa ku dziko losapezeka pa mapu.

"Mwakhala nayo nthawi yaitali bwanji, mayi?" inafunsa Mfumu.

"Zaka zambirimbiri, Mfumu, chifukwa chaka chilichonse ife..."

"Mumapambana! Akatswiri! Koma tamverani. Pa ufumu uno wopambana onse ndani?"

"Ndinu, Mfumu!" zinayankha nduna.

"Ndiye chikho cha akatswiri chizikhala kuseri kwa hositelo? Chibwere kuno. Ndipo sindikufuna kuchilandira mobisa. Ndipita ndekha ku Mpandaumodzi, mukandipatse motsata mwambo wanu wonse, osachotsapo kanthu, kanema akuonetsa dziko lonse."

Mayi Nangondo anatsegula pakamwa. Anali mayi wopemphera, ndipo choona chinali pa nsonga ya lilime. Komanso mtima unkawawawa, chifukwa chingwechi ankafuna kudzachiika m'manja mwa a Kanyumbu, atapambana mwachilungamo. Anayang'ana a nduna, a nduna n'kuwapempha ndi maso ngati mwana woswa mbale. Anayang'ana Sakhuta, amene anali atayamba kale mphonje za kapeti wachifumu. Anayang'ana zipsera za chingwe m'zikhatho zawo.

"Zili monga mwanenera, Mfumu," anatero.

Atabwerera kwawo anafikira pampanda.

"A Kanyumbu, chotsani mbale pa ng'oma."

"Kwagwanji asuweni?"

Anawafotokozera. A Kanyumbu anakhala pansi, anadzuka, anakhalanso pansi. "Palibe wamuuza?"

"Anafunsa ndani? Safunsa anadya phula."

Nkhaniyi inazungulira tauni dzuwa lisanapendeke, ndipo chodabwitsa n'chakuti pa anthu onse a pa Mpandaumodzi, odziwika ndi pakamwa, panalibe ngakhale mmodzi amene anaitulutsa kunja. Tsiku la mwambo bwalo linadzaza monga kale. A Choko mbali yawo, a Khasu mbali yawo, anthu m'mitengo, ena pansonga pa Phiri la Zungulizani. Mfumu inatsika m'galimoto itavala mkanjo wautali wokhwekhwereza pansi, ndipo itaona khamulo inagwetsa msozi.

"Mwambo umati chiyani?" inafunsa.

"Mulandire chingwe ndi dzanja lanu," anatero Mayi Nangondo, "muzungulire bwalo lonse wapansi, ife tikuimba."

Mfumu inalandira chingwe. A Kanyumbu anagunda ng'oma. Ndipo Mayi Felesiya Nangondo, atakweza mutu, anatulutsa nyimbo imene inakhala zaka zonsezi m'bafa:

Landirani, landirani chingwe,
Mwasewera nokha, ndi yanu iyi!
Ikadya malaya musatiitane,
Ikanunkha m'nyumba musatseke mphuno,
Landirani, landirani, ndi yanu iyi!

Bwalo lonse linavomera, Choko ndi Khasu pakamwa pamodzi, zimene sizinachitikepo. Amayi anavina mpaka fumbi koboo. Wometa uja anagwa mumtengo ndi kuseka, n'kukweranso. Mfumu inkayenda monyadira, dzanja lina likukokedwa ndi tonde, linalo likubayibitsa anthu, osadziwa kuti kumbuyo mkanjo ukufupika pang'onopang'ono.

"Bwanji akunena za kununkha?" inanong'oneza Mfumu.

"Ndi mmene amatamandira kuno, Mfumu," anayankha a Mlozakutali, thukuta lili kamukamu.

Pomaliza Mfumu inalamula kuti chikho chikhale pampando wakumbuyo, pambali pake. Mdipiti wa galimoto utanyamuka, anthu anaona mawindo a galimoto yachifumu akutsika onse anayi.

"Koma adzaichotsa bwanji?" anafunsa mayi wa tomato. "Paja imachoka pokhapokha utagonjetsa woyandikana naye."

"Mfumu ilibe woyandikana naye," anayankha wa kabaza. "Inatukuka."

Kutacha, Mayi Nangondo anapeza zovala zili pachingwe monga anazisiyira. Maluwa anali bwinobwino. Mpweya unali wabwino moti unawazunguza mutu. Anasesa pakhomo posada, anakhala pansi, anadzukanso. Nyimbo inali itaimbidwa, tonde anali atapita, koma mumtima munali zii. Lolemba malole adzanyamukanso, ina uku, inzake uko, ndipo panalibenso chifukwa choti munthu adzatsamire mpanda m'mawa.

"Mwadzuka bwanji asuweni?"

A Kanyumbu anali pamalo pawo pa masiku onse, koma jekete lawo linali lotupa ndipo linkagwedera. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutulutsa kamwana ka mbuzi, kandevu kale ngakhale kanali kakang'ono. Nkhope yake inali yosafunsa, Sakhuta yemweyo.

"Abambo a kunyumba kwanu ankadumpha mpanda," anatero a Kanyumbu. "Kukhola kwathu asiyako ana ambiri. Tsono ine ndaona kuti phiri lanu lija mwamanga bwino. Munthu ali pamsewu, bwalo saliona."

Mayi Nangondo anayang'ana phiri, anayang'ana kambuzi. Anadziwa bwino lomwe kuti boma likamva, makiyi a makoleji onse awiri akagona m'chitsime.

"Liti?"

"Loweruka. Popanda kanema, popanda ligi. Wogonja atenga aka."

Kambuziko kanatambasula khosi pamwamba pa mpanda, n'kugwira nsonga ya chitenje chawo chomaliza. Mayi Nangondo sanakalande. Anamva magazi akuyendanso m'thupi.

"A Kanyumbu," anatero, "musavutike n'kukatsitsira kuno. Hezekiya ali bwino, ndipo nyimbo ija ili ndi ndime yachiwiri. Muli dzina lanu."